Penti ndi chomaliza pokonzanso bogi ya sitima yakale

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa mpata m'nyuzipepa yanu kuti ndifotokozereko owerenga anzanga za ntchito ina imene ndakhala ndikugwira nawo kuno ku England kwa zaka zingapo tsopano, ntchito yopanda malipiro, imene abale anga kumudzi akaimva amangogwira pakamwa. M'kati mwa sabata ndimasamalira okalamba, koma Loweruka lililonse limene ndili pa ofu ndimavala ovolosi n'kupita ku kanjanji kena kakang'ono kum'mwera kwa dziko lino, kumene gulu la anthu ongodzipereka limakonzanso ndi kupenta mabogi akale a sitima yapamtunda. Mlongo wanga atamva zimenezi anandifunsa pafoni kuti, "Achimwene, ulendo wonsewo munapitira kukapala matabwa aulere?" Funsolo n'lomveka ndithu, ndipo tsiku limenelo sindinamuyankhe mogwira mtima, n'chifukwa chake ndaganiza zoti yankho lake ndililembe pano, mwina lingapindulirenso ena.

Ndiyambe n'kufotokoza kuti njanji zoterezi zinabwera bwanji. Dziko la Britain linali ndi njanji zambirimbiri zofika ngakhale m'timidzi ting'onoting'ono, koma magalimoto ndi mabasi atachuluka pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zambiri mwa njanjizo zinayamba kuyendera kuluza. Lipoti la Richard Beeching, amene anali mkulu wa njanji za boma, la chaka cha 1963 linalimbikitsa kuti njanji ndi masiteshoni ochuluka zedi atsekedwe, ndipo pofika mu Ogasiti 1968 kampani ya boma ya British Railways inali itasiya kuyendetsa sitima za malasha pa njanji zake zikuluzikulu. Anthu wamba ena sanafune kuti zonsezo zingothera kwa ogula zitsulo. Ku Wales, gulu la ongodzipereka linatenga kanjanji ka Talyllyn mu 1951 n'kuyamba kukayendetsa lokha, ndipo ameneka ndi kamene kamadziwika kuti ndi koyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa mwa njira yotere. Lero njanji zamtunduwu zilipo zambiri. Sizili ngati nyumba zosungiramo zinthu zakale kumene munthu amangoyang'ana osakhudza, chifukwa sitima zake zimayendadi, zimanyamula anthu olipira tikiti, ngakhale kuti kawirikawiri sizipyola liwiro la mamailosi 25 pa ola.

Imene ndimakonda kupitako monga mlendo, komanso imene anzanga a ku shedi kwathu amaitchula kawirikawiri akafuna kupereka chitsanzo cha ntchito yabwino, ndi Bluebell Railway ya ku Sussex. Mbiri yake ili ndi kanthabwala kake. British Railways inatseka njanjiyi mu 1955, koma mayi wina wa m'deralo, Madge Bessemer, anakafufuza malamulo akale amene anakhazikitsa njanjiyo n'kupeza kuti amalamula kuti pazidutsa sitima zinayi pa tsiku. Akuluakulu a njanji anakakamizika kuitsegulanso mu 1956, ngakhale kuti anachita zimenezi monyinyirika, mpaka anapeza chilolezo cha Nyumba ya Malamulo n'kuitsekeratu mu 1958. Chaka chotsatira anthu anakhazikitsa bungwe loti aipulumutse, ndipo pa 7 Ogasiti 1960 sitima yawo yoyamba inanyamuka pa Sheffield Park ili ndi mabogi awiri okha. Panopa njanjiyi ndi yotalika mamailosi 11, ndipo inafika ku East Grinstead mu 2013 atachotsa chimulu cha zinyalala chimene chinatayidwa m'njira yake pa nthawi imene inali yotseka. Malo awo okonzera mabogi ali pa siteshoni ya Horsted Keynes.

Tsono nkhani yanga yagona pa mabogiwo. Aliyense wofika pa njanji zoterezi amathamangira kumutu kwa sitima, kumene kuli utsi, nthunzi, mluzu ndi zitsulo zamkuwa zonyezimira, ndipo zithunzi zonse za pafoni zimajambulidwa kumeneko. Koma kawirikawiri panalibe amene ankayenda ulendo atakhala pa mutu wa sitima kupatula woyendetsa ndi wosonkhezera moto. Anthu onse, kaya opita kuntchito, kaya asilikali opita kunkhondo, kaya mayi wopita kukaona wodwala, ankakhala m'bogi, ndipo ngati tikufuna kudziwa mmene moyo wa munthu wamba unalili pa ulendo, tikaupeza pa benchi ya m'bogi, pa zenera lake ndi pa chitseko chake. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'zaka zoyambirira magulu ambiri opulumutsa njanji ankaika mtima ndi ndalama zawo pa mitu ya sitima, mabogi n'kumangoima panja, mvula ndi chisanu zikuwadya pang'onopang'ono.

Mdani wamkulu wa bogi yakale ndi madzi. Bogi ya zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kwenikweni ndi nyumba ya matabwa yokhazikidwa pa matayala. Mafupa ake ndi mitengo yolimba monga tiki ya ku Burma ndi mitengo ina ya kuno, kunja kwake n'kokutidwa ndi matabwa opyapyala, ndipo denga lake ndi matabwa okutidwa ndi chinsalu chokhuthala chimene amachimata ndi kuchipenta kuti chisalowe madzi. Chinsalucho chikangong'ambika pang'ono, madzi amalowa, n'kumatsika mwakachetechete m'kati mwa zipupa, kukafika pamene mitengo inalumikizana ndiponso pamene pali mabawuti ndi zitsulo zogwiriziza makona. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, ndipo potupapo chimang'amba mtengo umene chinayenera kuulimbitsa. Zonsezi zimachitika penti wakunja akuonekabe bwinobwino. Tsiku langa loyamba ku shedi, bambo wina wachikulire amene wakhala mphunzitsi wanga kuyambira pamenepo anandipatsa sikuludiraiva n'kundiuza kuti ndibaye m'munsi mwa zenera la bogi ina imene ine ndinkaiona ngati yangotsala pang'ono kutha. Chitsulocho chinangolowa ngati ndikubaya mbatata yophika. Ndinawauza kuti kwathu timati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nditawamasulira anaseka mpaka kutsamira khoma, nati mwambi umenewu uyenera kulembedwa pakhomo pa shedi.

Choncho ntchito yeniyeni imayamba ndi kuphwasula, ndipo gawo limeneli ndi limene limatha zaka. Thabwa lililonse limachotsedwa, kulembedwa nambala ndi kujambulidwa chithunzi, kuti pomanganso wina asadzayambe kulota. Mtengo wowola sangofikira kuutaya wonse. Ngati mbali ina ikadali yolimba, mmisiri amadula powolapo mopendeketsa n'kulumikizapo chidutswa chatsopano chogwirizana ndi mizere ya mtengo wakalewo, chifukwa cholinga n'chakuti zambiri zimene amisiri oyamba anagwira ndi manja awo zikhalebe m'bogimo. Tiki yabwino ndi yodula kwambiri masiku ano, kotero anthu amasakasaka yakale yochokera m'nyumba zogumulidwa, monga matebulo a m'malabotale a sukulu zakale, kapena amagwiritsa ntchito mitengo ina yolimba ya kumadera otentha. Nthawi zina ndikamapala thabwa lofiirira, fungo lake limandikumbutsa mbawa ndi mlombwa wa m'shedi ya malemu bambo anga, amene anali kalipentala. Palinso zoopsa zofunika kusamala nazo, chifukwa penti wakale anali ndi mtovu, ndipo mabogi ena a zaka zapakatipa anaikidwa asibesitosi wotchinga kutentha, amene fumbi lake limawononga mapapo ndipo ongodzipereka saloledwa kumukhudza mpaka atabwera akatswiri odzamuchotsa.

Pali mabogi ena amene ulendo wawo wobwerera pa njanji umadabwitsa kwambiri. Makampani a njanji akatopa ndi bogi, kale ankachotsa matayala ndi zitsulo zapansi, thupi lakelo n'kuligulitsa motchipa kwa aliyense wolifuna. Anthu ankaligula n'kulisandutsa nyumba yogonamo, kanyumba kopumiramo m'mbali mwa nyanja, khola la nkhuku kapena mosungira zipangizo za kumunda. Ena ankalumikiza mabogi awiri n'kufolera denga limodzi pamwamba pake, ndipo popita zaka munthu wodutsa pamsewu sakanadziwa kuti m'kati mwa nyumbayo muli sitima. Pamene nyumba zoterezi zikugumulidwa, magulu a njanji amakatenga matupi aja n'kuwakhazika pa zitsulo ndi matayala ochokera ku mabogi ena onyamula katundu amene awafupikitsa kuti alingane. Umu ndi mmene Bluebell yapezera mabogi ake angapo a matayala anayi a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo njanji ya pa chilumba cha Isle of Wight, imene likulu lake lili pa Havenstreet, yachitanso zomwezo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mabogi amene anakhala m'kati mwa nyumba za anthu nthawi zambiri amapezeka ali bwino kuposa amene anatsala pabwalo la njanji, ndipo chifukwa chake si china ayi koma kuti anali pansi pa denga.

Ndifike tsopano pa penti, amene ndiye amakopa anthu ambiri kuti adzalembetse, inenso ndili m'gulu lomwelo. Ndinapita ndikuganiza kuti andipatsa burashi tsiku lomwelo, popeza kupenta ndinayamba ndili mnyamata, koma burashi ya penti womaliza ndinaigwira patatha chaka ndi miyezi. Nthawi yonseyo ntchito yanga inali yokwecha. Kapentedwe ka mabogi kamene amatsatira kuno ndi ka manja, kochokera kwa amisiri a ngolo zokokedwa ndi akavalo. Thabwa likakhala loyera ndi louma amapaka penti woyamba wolowerera m'kati, kenako amatseka timaenje ndi ming'alu yonse, n'kukwecha, n'kupakanso, n'kukwechanso ndi sandipepa wonyowetsa m'madzi, ndipo amabwereza zimenezi mpaka dzanja likamadutsa pamwamba lisamve kalikonse. Maso amanama, koma nsonga za zala sizinama, ndipo aphunzitsi anga aja amatseka maso akamayesa ntchito yanga. Pambuyo pake pamabwera penti wapansi kangapo, penti wa mtundu weniweni kangapo, mizere yokongoletsa, zilembo ndi manambala, ndipo pomaliza vanishi, nayenso kangapo. Ukawerengera bwino, bogi imodzi imatha kupakidwa koposa kakhumi, ndipo pakati pa kupaka kulikonse pamakhala kudikira kuti aume ndi kukwecha kwina.

Tsiku lopaka penti womaliza kapena vanishi limakhala ngati tsiku la mwambo. Dzulo lake amasesa shedi yonse, ocheka matabwa amauzidwa kuti apume, ndipo m'mawa mwake amawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Wovala juzi yaubweya saloledwa kuyandikira. Nyengo ya kuno nayo imavuta, chifukwa kukazizira kwambiri kapena kukachita chinyezi penti sauma bwino, amachita mbuu. Wopaka amayenera kufulumira koma mosapupuluma: amayala penti chopingasa, n'kumalizitsa ndi nsonga ya burashi chotsitsa kapena chokweza mopepuka kwambiri, ndipo m'mphepete mwa pamene wapakapo musaume asanalumikize mbali yotsatira. Akachita bwino, pentiyo amadziyala yekha, mizere ya burashi n'kuzimirira, moti munthu amadziona nkhope ngati pagalasi.

Ine tsiku langa loyamba ndinalakwitsa, ndipo mlandu wake ndi wanga ndekha. Anandipatsa chitseko chimodzi, ndipo pofuna kuti chiwale kuposa za anzanga ndinachulutsa penti pa burashi. Pochoka madzulo chinkaoneka bwino kwabasi, koma pobwera Loweruka lotsatira ndinapeza penti atayenderera m'munsi mwa chogwirira n'kuuma ngati misozi. Palibe amene anandikalipira. Aphunzitsi anga anangondipatsa ndowa ya madzi ndi sandipepa, nati tidikire milungu iwiri kuti aumitsitse kaye, kenako ndikweche mpaka misoziyo ithe, ndiyambirenso. Chitseko chimenecho ndinachipenta katatu. Lero bogiyo ikamadutsa ndimachizindikira pakati pa zinzake zonse, ngakhale kuti wokwera aliyense amangochitsegula n'kuchimenyetsa osachiyang'ana n'komwe, monga mmene chitseko chiyenera kuchitidwira.

Mtundu wa penti nawo ndi nkhani imene imautsa mikangano yoopsa pa nthawi ya tiyi. Kampani iliyonse ya njanji inali ndi mtundu wake, ndipo mitunduyo inkasintha ndi nthawi. Southern Railway, imene inkayendetsa sitima kudera lino kuyambira mu 1923, inayamba ndi mtundu wobiriwira woderako, kenako inasinthira ku wobiriwira wowala. Boma litatenga njanji zonse zikuluzikulu mu 1948, mabogi ambiri a maulendo aatali anapakidwa kufiira m'munsi ndi kuyera kwachikasu m'mwamba, ndipo pambuyo pake anasinthanso. Ndiye bogi imodzi imene inagwira ntchito zaka 50 inavalapo mitundu itatu kapena inayi, ndipo gulu limayenera kugwirizana kuti liibwezere ku chaka chiti. Zithunzi zakale sizithandiza kwenikweni chifukwa zambiri zilibe mtundu. Chimene amachita ndi kupala pang'onopang'ono pamalo obisika, monga kuseri kwa chogwirira kapena pansi pa kathabwa kotchingira, mpaka mitundu yonse ionekere motsatizana, wina pamwamba pa unzake. Ndinaonapo azibambo awiri, onse a imvi, atasiya kulankhulana kwa milungu ingapo chifukwa chosiyana maganizo pa kukula kwa mzere wachikasu wozungulira zenera. Poyamba ndinkaona ngati n'zachibwana, koma tsopano ndimamvetsa kuti munthu amene wapereka zaka khumi za moyo wake pa chinthu sangalole kuti pomaliza chinene bodza.

Kuti owerenga aone kutalika kwa ntchito imeneyi, ndipereke chitsanzo cha mabogi anayi amene ali ku Bluebell, a Metropolitan Railway, kampani imene inayambitsa sitima za pansi pa nthaka ku London. Anapangidwa pakati pa 1898 ndi 1900 kuti azikokedwa ndi sitima za malasha ku London, kenako anasinthidwa kuti aziyendera magetsi, ndipo m'nthawi ya nkhondo yachiwiri anabwezeredwanso ku malasha n'kumayenda pa kanjanji kopita ku Chesham mpaka 1960. Bluebell inawagula mu 1961 chifukwa anali otsika mtengo, ndipo ndi amene ananyamula alendo ambiri m'zaka zake zoyambirira mpaka anatheratu n'kuimikidwa. Anakhala choncho zaka zambiri, kufikira pamene gulu lina la ongodzipereka linayamba kuwakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, likusonkha lokha ndalama zake, ndipo bogi yomaliza inatha mu 2006. Mabogi amenewa sapakidwa penti wa mtundu, ndi tiki yopaka vanishi basi, kotero palibe pobisa cholakwa chilichonse. Zitseko zake n'zozungulira kumwamba, ndipo anazipanga choncho kuti chitseko chikatseguka sitima ili m'njira ya pansi pa nthaka chisawombane kwambiri ndi khoma. Mu Januwale 2013, pokondwerera kuti sitima za pansi pa nthaka za mu London zakwanitsa zaka 150, mabogi omwewa anabwerera mumzindawo n'kunyamulanso anthu akukokedwa ndi mutu wa malasha. Amene anayamba kuwakonza ali ndi zaka 50 anamaliza ali opuma pantchito, ndipo anthu amenewa ankadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi.

Za m'kati mwa bogi ndingodutsamo mwachangu, ngakhale kuti nazonso zili ndi amisiri ake: osoka mipando, opukuta zogwirira zamkuwa, oluka maukonde oikapo katundu, ndi odula malamba achikopa amene wokwera amakoka pofuna kutsitsa kapena kukweza zenera la pachitseko. Zapansi, monga matayala, masipuling'i, mabuleki ndi zokowera, zimayesedwa ndi anthu ovomerezeka, chifukwa njanjizi zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Office of Rail and Road monga njanji ina iliyonse, ndipo kukongola kwa penti sikupatsa bogi chilolezo chonyamula munthu.

Kodi anthu ogwira ntchito imeneyi ndi ndani? Ku shedi kwathu kuli amene anali aphunzitsi, wina anali wa ku banki, wina woyendetsa basi, amayi awiri amene amatsogolera zosoka, ndi owerengeka amene anagwirapodi ntchito ku njanji. Ambiri ndi opuma pantchito, ndipo ena ndi amasiye amene kunyumba kwawo kulibe wolankhula naye. Monga munthu wosamalira okalamba, ndimaona ndi maso anga kusiyana kwa nkhalamba imene ili ndi poti ipite Loweruka, pamene anzake akuidikira ndipo ikajomba aimba foni, ndi nkhalamba imene imangoyang'ana wailesi yakanema tsiku lonse. Komabe ukalamba womwewo ndiwo nkhawa yaikulu ya magulu amenewa. Luso lojambula mzere wowongoka ndi dzanja pa bogi yotalika, kapena lomata zilembo zagolide, silili m'buku lililonse mokwanira, limachoka m'dzanja kupita m'dzanja, ndipo mwini dzanjalo akamwalira asanaphunzitse wina, lapita. N'chifukwa chake njanji zina zikuluzikulu zimalemba achinyamata ophunzira ntchito ndi amisiri ochepa olipidwa kuti azigwira limodzi ndi ongodzipereka. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakenso aphunzitsi anga sanataye nane mtima pa nkhani ya chitseko ija: kwa iwo munthu wa zaka 40 ndi mwana, ndipo mwana wofuna kuphunzira sathamangitsidwa.

Phunziro limene magulu amenewa analipeza mochedwa, ndipo analipeza mowawa, n'lakuti kukonza bogi popanda poisunga n'kutungira madzi m'dengu. Vanishi amene watenga miyezi kuti apakidwe amayamba kusweka pakangopita zaka zochepa ngati bogiyo ikugona panja, ndipo gulu lomwe lija limapezeka likubwereza ntchito yakale m'malo moyamba ina. Malona amathandiza pang'ono, koma mphepo imawang'amba ndipo amasunga chinyezi. Bluebell inachita kukhazikitsa ndondomeko yapadera yotchedwa Operation Undercover, yomanga mashedi pa Sheffield Park ndi pa Horsted Keynes, cholinga chake chili chimodzi, kuti mabogi okonzedwa ndi odikira kukonzedwa omwe akhale pansi pa denga. Kupempha anthu ndalama zomangira shedi n'kovuta kuposa kupempha za penti, chifukwa shedi ilibe chokongola choti munthu aloze n'kunena kuti ndinathandiza nawo apa. Koma mukafunsa aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyi kuti asankhe pakati pa zitini 100 za penti ndi malata, adzasankha malata musanamalize kufunsa.

Sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati zonse n'zokoma, chifukwa pali china chimene chimandivuta mumtima. Bogi yokonzedwa bwino imatha kunamiza. Imatuluka m'shedi ikuwala kuposa mmene inkaonekera masiku ambiri a moyo wake wa ntchito, pamene inali yakuda ndi mwaye, yozizira, yonunkha fodya ndiponso yodzaza. Alendo amakonda mabogi apamwamba a Pullman, mmene amadya chakudya patebulo loyala nsalu yoyera, ndipo sindikuwanena chifukwa ndalama za matikiti amenewo ndi zimene zimathandiza kuti ntchito ina yonse iyende. Koma munthu akhoza kuchoka pamenepo akuganiza kuti kale aliyense ankayenda chonchi. Zoona zake n'zakuti anthu ambiri ankakwera kalasi yachitatu, ndipo m'zaka zoyambirira za njanji okwera kalasi imeneyi nthawi zambiri ankanyamulidwa m'mabogi opanda denga, mpaka lamulo la 1844 linakakamiza makampani kuti tsiku lililonse aziyendetsa sitima imodzi yotchipa, ya mabogi okhala ndi mipando ndiponso otchinga mvula, pa mtengo wa peni imodzi pa mailo. Dzina lakuti kalasi yachitatu linakhalapobe mpaka 1956. Choncho pa misonkhano yathu, ikafika nkhani yosankha bogi yotsatira, ine dzanja langa limakwera pa bogi ya anthu wamba, ya mabenchi olimba, ngakhale ndikudziwa kuti siidzabweretsa ndalama zambiri. Nthawi zina ndimapambana, nthawi zambiri ayi.

Mwina chimene chimandichititsa zimenezi n'chakuti bogi yoyamba imene ndinakwera m'moyo wanga inali ya mtundu womwewo. Ndinali mwana, tikuchoka ku Limbe kupita ku Balaka ndi mayi anga, titapanikizana ndi mitolo ya nzimbe, madengu a tomato ndi nkhuku zomanga miyendo, ndipo pa siteshoni iliyonse malonda ankachitikira pazenera. Njanji ya kwathu si yachilendo m'mbiri yathu. Inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, mu 1908, inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo mu 1970 inalumikizidwa ndi njanji ya ku Nacala kudzera pa Nayuchi. Mitu iwiri yoyambirira ya sitima za Shire Highlands Railway, kampani imene inkayendetsa njanjiyi poyamba, yotchedwa Thistle ndi Shamrock, inasungidwa, wina ku Limbe wina ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, ndipo amene anaganiza zoisunga ayenera kuyamikiridwa. Sindikunena kuti tiyambitse njanji ya alendo ngati za kuno, chifukwa ndikudziwa kuti munthu amene akusakasaka chakudya cha lero sangapereke Loweruka lake kwaulere, ndipo ongodzipereka a kuno ambiri ali ndi penshoni yowagwira kumsana. Ndikungonena zimene manja anga aphunzira: chitsulo kapena thabwa lililonse lakale limene tasankha kusunga lifunika denga lisanafune penti, ndipo kwathu, kumene dzuwa limaswa penti msanga ndiponso chiswe sichigona, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa kuno.

Pempho langa, Akonzi, likupita kwa owerenga amene anagwirapo ntchito ku Nyasaland Railways kapena ku Malawi Railways, makamaka akalipentala, opaka penti ndi osoka mipando a ku mashedi a ku Limbe, ndiponso ana awo amene akusunga zithunzi m'masutikesi. Alembereni a nyuzipepa ino kuti mabogi onyamula anthu ankapakidwa mtundu wanji m'zaka zosiyanasiyana, ankagwiritsa ntchito mitengo yanji pokonza, mabenchi ankayang'ana kuti, ndiponso mawu amene ankalembedwa pazitseko anali otani. Aphunzitsi anga aja anandifunsa mafunso omwewa tsiku lina tikumwa tiyi, ndipo ndinawalonjeza kuti ndifunsa eni ake. Iwo akwanitsa zaka 80 chaka chino, choncho ndingakonde kuti mayankhowo asachedwe.

Ndine wowerenga wanu,
Mwana wa kalipentala,
Sussex, England.